Lumbiro Limene Linandivula Thalauza ku Dubai

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale anzanga a pabawo kuno ku Thyolo amene amandifunsabe kuti, "Ku Dubai kuja kunali bwanji?" Ndimangoyankha kuti kunali kutentha. Sindinama ayi, kunkatenthadi. Koma kutentha si kumene kunachititsa kuti ine, nkhalamba yaimvi, ndikhale masabata angapo nditavala chitenje cha mwana wanga.

Ndinapita kumeneko kukaona Elube, mwana wanga wotsiriza. Iyeyu anayamba ndi ntchito yolera ana a eni ake ku Al Warqa, kenako anapeza ya mu ofesi, n'kukwatiwa ndi mzungu wa ku Finland wokonza mainjini a sitima zapamadzi. Ali ndi mwana mmodzi, Tadala, amene panthawiyo anali wa sukulu ya mkaka. Ulendo wanga unali wongozonda n'kubwerako. Koma mliri wa korona unandipeza komweko, ndege zinaima, ndipo tonse anayi tinatsekeredwa m'kanyumba ka m'mwamba ku Al Mankhool. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Ine ndinasanduka chithaphwi.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sapumirana mpweya. Zija ankalengeza zoti anthu azikhala motalikirana, ife tinaziyamba kale makolo athu asanamve n'komwe za korona. Elube anali atawaphunzitsa bwino amuna ake: osadya nawo mbale imodzi, osawayang'ana m'maso, ndipo koposa zonse, osawatsutsa. Akamwini, munthu wofatsa chibadwire, anazitenga ngati malamulo a Mose. Tikakumana panjira yopita kubafa ankadziphatika kukhoma ngati nalimata mpaka ndidutse. Chichewa chawo chonse chinali mawu awiri: "Inde, bambo."

Ndinene pang'ono za ine. Sukulu ndinaiyamba ndevu zitamera kale, ndili pakati pa tiana tofika m'chiuno mwanga. Tinkandiseka chifukwa Chichewa changa chinkanunkha Chilomwe cha mayi anga. Ndinachichapa Chichewacho mpaka chinayera, moti pomwe ndinkakhala kalaliki pa esiteti ya tiyi ndinali munthu wokonza anzanga akalankhula. Mmene ndinachichapira, ndi amene ndinamupweteka pochapapo, ndi katundu wanga, sindimutula pano. Ndangotchula kuti mudziwe chimene chinkandiyabwa m'makutu ndikamva Tadala akulankhula.

Mwanayu ankandikonda. M'mawa uliwonse ankathamangira kwa ine akukuwa, "Agogo, yalla! Äiti wapanga chai. TV khalas!" Yalla ndi khalas n'Chiarabu, kunena kuti tiyeni, ndi basi zatha. Chai, ndiye tiyi, anatola kwa mlonda wa pageti. Äiti (amatchula ngati ayiti) ndi mayi m'chilankhulo cha bambo ake. Mpweya umodzi, mitundu isanu, ngati basi ya ku Satwa, dera la Dubai kokhala anthu a mitundu yonse.

Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Elube, mwanayu akulankhula chiyani?"

"Akulankhula, Ababa. Mwamumva kapena simunamumve?"

"Ndamva phala la zotsala. Kuyambira lero, akandilankhula mawu a eni ake sindimuyankha. Aphunzire kuti munthu amakhala ndi chilankhulo chake."

"Chilankhulo chosabwereka mawu chili kuti?"

Apa m'pamene ndinkafuna. Miyezi yonseyi ndinkamva akamwini akulankhula ndi mayi awo palamya (sikubisalira ayi, makoma a ku Dubai ndi opyapyala), ndipo sindinamvepo liwu ndi limodzi lomwe lofanana ndi Chingerezi. Ndinatembenukira kukhoma, poti apongozi sayang'ana mkamwini, ndi kufunsa m'Chingerezi changa cha pa esiteti: "Akamwini, si zoona kodi kuti kwanu chilankhulo munachisunga choyera, osatola za anthu ena?"

Kenako kuchokera kuseri kwa chitseko: "Inde, bambo."

"Wamva?" ndinatero kwa Elube.

Elube anangoloza kapu imene inali m'manja mwanga. "Nanga mukumwayo dzina lake ndani?"

Munthu wanzeru akanaseka n'kumeza tiyi wake. Ine ndinaika kapu pansi, n'kuimirira, n'kulumbira. Ndinati pali malemu mayi anga kumanda, chinthu chilichonse chimene ndilibe dzina lake m'Chichewa chenicheni sindichikhudzanso, kufikira mwanayu atayamba kusamala pakamwa monga amachitira a kwawo kwa bambo ake. Inu mukudziwa kuti lumbiro la pa mayi salibweza ngati malovu. Elube nayenso ankadziwa. Anatenga kapu ija mwaulemu, ndi manja awiri, n'kukathira tiyi musinki.

Tiyi ndiye anayamba kupita, pamodzi ndi shuga ndi buledi. Munthu amene moyo wanga wonse ndinadya za tiyi! Ndinayesa kupempha madzi a masamba, monga tinkanenera pa esiteti, koma Elube anati ndikabwerezanso andiwiritsira kabichi. Magalasi ndinawapulumutsa powatchula mandala, ndipo tsiku limenelo ndinayenda m'nyumbamo ngati tambala. Za sopo Elube anandikhululukira yekha. "Ameneyu musambe, Ababa. Maliro a korona sitingawakwanitse kuno."

Kenako anafika pa nsapato. Sindinatsutse, chifukwa ife a kumalire timadziwa kuti liwulo tinalitenga kwa Apwitikizi. Komanso tinali osatuluka, ndiye nsapato zinalibe ntchito. Bedi ndinafuna kumuzembetsa pomutchula kama.

"Kama ndi wa Apwitikizi omwewo," anatero Elube, maso ali pafoni. (Foni ya mwanayu inkadziwa mbiri ya mawu kuposa mmene ine ndimadziwira mbiri ya banja langa.)

Ndinasamukira pansi. Bulangeti linali loonekeratu kuti n'la Angerezi, ndiye ndinapempha gombeza, koma akuti limenelonso linabwera ndi amatchona kuchokera kwa Mabunu a ku Joni. Makina oziziritsa m'nyumba aja sindinkawakhudza, koma iwo ankandikhudza. Ndinkadzuka msana uli gwa ngati thabwa.

Tsiku la thalauza sindidzaliiwala. Elube anabwera ndi zochapa, n'kuima pakhomo.

"Ababa, ili ndilipachike kuti?"

"Limenelo ndi buluku."

"Buluku linabwera sitima imodzi ndi gombeza."

Kabudula ndinalibe, ndipo pamsinkhu wanga mawondo si oonetsa anthu. Malaya anapulumuka chifukwa foni sinapeze kumene anachokera. Choncho kumtunda ndinali mkulu wa mpingo, kumunsi ndinali chitenje cha Elube, chija amagula amayi pa tsiku la anakubala. Ndinkachimanga motembenuza kuti malemba ake akhale kumbuyo, ndisamawaone. Akamwini atandiona koyamba anadziphatika kukhoma kuposa kale, maso ali kudenga.

Ndikudziwa kuti Elube ankachita zonsezi kuti nditope ndigonje. Koma ankalimbana ndi munthu amene anakhala pabenchi limodzi ndi ana a mamina kwa zaka, osathawa.

Tsono Tadala. Poyamba ankayesa masewera. Akati, "Agogo, yalla," ine n'kuyang'ana pazenera, iye ankaseka n'kundikoka chala. Kenako anayamba kubwereza mokweza, poganiza kuti makutu anga afa. Kenako anayamba kundiyesa ndi liwu limodzilimodzi, akundiyang'anitsitsa kuti aone ngati ladutsa. Mwana sangadziwe kuti liwu ili n'la kuti. Kwa iye onse anali mawu ake, anawapeza m'nyumba mwawo monga anapezera masupuni.

Masana ena ndinali khale pansi, iye anabwera ndi chidole chake chothyoka mkono. Anaima patsogolo panga, natsegula pakamwa. Milomo inagwedera, ikufunafuna liwu loti agogo alilandire. Kenako anatseka pakamwa, naika chidolecho pamiyendo panga, n'kubwerera kuchipinda osanena kanthu. Pakamwa potseguka n'kutsekekanso chotero ndinali nditapaonapo kale, zaka zambiri zapitazo, pankhope ya munthu wamkulu. Ndinachilumikiza chidolecho. Sanabwere kudzachitenga.

Kuyambira pamenepo m'mawa munali zii. Ankadutsa cham'mbali mwa khoma ngati bambo ake.

Sabata yomweyo Elube anandiuza kuti ndege zotenga anthu obwerera kwawo zayamba, ndipo dzina langa walipereka.

"Ababa, zaka zanu mukuzidziwa, ndipo mliriwu palibe akudziwa kuti utha liti. Mwina mwanayu simudzamuonanso. Mukufuna azikukumbukirani kuti chiyani? Agogo a chitenje osayankha?"

"Ndinalumbira."

"Munalumbira nokha. Iye sanalumbire."

Apa ndinaganiza zofuna mboni. Lamulungu lililonse masana banja linkalankhula pakompyuta ndi asewere anga, mayi a akamwini, ku Finland. Ndi mayi wachikulire wa tsitsi la mbuu, amene anapuma pa ntchito yophunzitsa chilankhulo chawo kusekondale. Ine ndinkangopereka moni patali. Koma ulendo uno ndinati mnzanga wosamala chilankhulo ameneyu andimvetsa, ndipo akanena iye, Elube agonja, mwana aphunzira, ine ndivala thalauza ndi ulemu wanga. Ndinavala malaya oyera, ndinakhala pampando n'kudzikankhira mkati mwa tebulo (tebulo sindinkalikhudza, ndinkangoliyandikira) kuti kamera izingoona kumtunda. Akamwini anaima kukhoma kumbuyo kwanga. Tadala anali pamiyendo pa mayi ake.

Tinkalankhula Chingerezi, pomwe ndakakamira Elube ankandithandiza. Ndinayamba ndi kuwayamikira asewere, kuti mtundu wawo ndi chitsanzo, anthu amene anakana kutola mawu a anzawo.

Asewere anavula mandala awo. "Wakuuzani zimenezo ndani?"

"Mwana wanu."

Anayang'ana kupyola phewa langa, kwa mwana wawo, monga mayi aliyense padziko amayang'anira mwana wonama. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

Atapuma anandifotokozera bwinobwino, mosandinyoza. Anati chilankhulo chawo chili ndi abale ake, cha ku Estonia ndi tina ting'onoting'ono ta m'chigawo chomwecho, monga Chichewa chilili ndi Chisena ndi Chitumbuka. Zonsezi zinachokera kwa kholo limodzi limene palibe analilemba. Akatswiri amalipeza poyerekeza mawu a ana ake, monga mmene ungadziwire nkhope ya agogo amene sanajambulidwepo poyang'ana mphuno za adzukulu. Ndiye akalifukula khololo, zaka zikwi ziwiri kapena kuposa zapitazo, amalipeza lili kale ndi mawu ambirimbiri otenga kwa anansi, anthu amene anadzakhala makolo a Ajeremani, Aswidi ndi Angerezi.

"Mfumu ife timati kuningas," anatero. "Eni ake kalelo ankati kuningaz. Iwo analitafuna mpaka kwa Angerezi linatsala king, ife tinalisunga pafupifupi mmene tinalilandirira. Akatswiri awo akafuna kumva mmene makolo awo ankalankhulira, amabwera kudzamvera kwa ife. Simunalizindikire chifukwa ndi lakale kuposa Chingerezi chenichenicho."

Anapitiriza. Mphete, rengas, n'njobwera. Buledi, leipä, ndi wobwera. Nkhosa, lammas, chimodzimodzi.

Koma ndinali ndi chipolopolo chimodzi chotsala. "Asewere, mfumu ndi mphete ndi zinthu za alendo, m'pomveka. Ifenso nsapato tinachita kuonera. Koma mawu a m'nyumba, a pamtima, amenewo sabwera ndi amalonda. Mayi munthu satenga kwa anansi."

Asewere anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni, n'kundifunsa.

"Tadala amawatchula chiyani mayi ake?"

"Äiti."

"Limenelonso n'la anansi omwewo. Lathu lakale linali emä. A ku Estonia akadali nalo, amati ema. Ife masiku ano timatchulira mayi wa nyama."

Ndinaiwala tebulo, ndinaiwala kamera, ndinaiwala mwambo. Ndinadzambatuka n'kutembenuka kuti ndiwayang'ane akamwini m'maso koyamba chifikireni m'nyumba mwawo.

"Akamwini! Zimenezi munkazidziwa?"

"Inde, bambo."

Kompyuta ija inali patebulo, molingana ndi m'chiuno mwanga. Choncho pamene nkhope yanga inali kwa akamwini, asewere ku Finland anali akuyang'ana kumbuyo kwanga, kumene kunali maluwa ofiira ndi malemba akuluakulu. Ndinamva akufunsa kuti palembedwa chiyani. Elube anayesa kuyankha, mawu osatuluka ndi kuseka, misozi ili chuchuchu. Pomaliza anakwanitsa: "Palembedwa kuti Zikomo Amayi."

"Zikomo inunso, asewere," anatero mayi aja. "Kodi chimenechi ndicho chovala cha abambo kwanu?"

Ndipo kuchokera kukhoma, mokhulupirika mpaka mapeto: "Inde, bambo."

Onse anaseka. Nayenso Tadala anaseka, kuseka kwake kuja kokhala ngati madzi akutuluka m'botolo, kumene ndinali nditakusowa. Ndinamuyang'ana. Atangoona maso anga anasiya pomwepo, nadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Chitenje chija ndinachita nacho manyazi, inde, koma manja awiri aja ndiwo amandidzutsabe mpaka lero.

Madzulo ake ndinakakhala pakhonde lakunja, mphepo yotentha ikuomba ngati ya m'fakitale yowumitsira tiyi. Misewu pansipo inali mbee, njinga zamoto zoperekera zakudya zokha n'zimene zinkadutsa. Akamwini anatuluka n'kuima kumapeto kwenikweni kwa khonde, mwina pokumbukira korona, mwina pokumbukira mwambo.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

Kanali koyamba kumva chiganizo chathunthu pakamwa pawo cholankhula kwa ine. Anati za kuningas anaziphunzira ali mnyamata, mayi awo ankazinena ngakhale pa chakudya. Koma Elube anawauza kuti apongozi satsutsidwa, ndipo iwo anaganiza kuti mwina zonsezi, kugona pansi ndi chitenje chomwe, ndi mwambo wina wa kwathu umene sanafike pouphunzira. Anati ankaopa kuti tsiku lina nawonso adzauzidwa kuvala.

Ndinaseka ndekha, koyamba pa masabata onsewo. Atalowa ndinatsala ndikuganiza.

Ndili mwana machesi anali osowa. Moto ukazima m'nyumba, mayi ankandipatsa phale kuti ndikapale kwa anansi. Unkapita, n'kugwada, n'kupatsidwa khala limodzi, n'kubwera ukuuzira njira yonse. Palibe ankati moto umenewo ndi wa eni ake. Ukaphikira, ndi wako. Wopereka sankatsala mumdima, ndipo palibe ankabwera mawa lake kudzaulanda. Nthawi zina wa anansi aja unkazima, iwo n'kubwera kudzapala kwa ife moto wawo womwe uja. Anthu a kwa asewere anapala mawu kwa anansi, nawasunga osazima zaka zonsezi, mpaka eni ake anabwera kudzaotha. Anapala ngakhale dzina la mayi, ndipo sindikhulupirira kuti mayi wa ku Finland amachedwa kutembenuka mwana wake akamuitana nalo.

Ine ndinali ndi moto wanga wa m'nyumba, Chilomwe cha mayi anga, wosapala kwa munthu. Ndinauthira madzi ndekha kuti ana a sukulu asaone utsi. Ndiye lero ndimvekere mlonda wa chilankhulo.

Za lumbiro, ndinalibwereza m'mutu liwu ndi liwu, monga kalaliki. Ndinati kufikira mwanayu atayamba kusamala pakamwa monga a kwawo kwa bambo ake. Mwanayo anali akuchita zomwezo chiyambire: kutola liwu pageti, kulibweretsa m'nyumba, kulisunga. Lumbiro langa linali litakwaniritsidwa ndisanalumbire. Sindikudziwa ngati kumanda amavomereza mfundo za ukalaliki zotere. Koma mwa anthu onse amene ndikanalumbirira kuti mwana atseke pakamwa, mayi anga sanali oyenera kuwatchula.

Musaganize kuti ndinasinthiratu. Mpaka pano wolengeza pawailesi akasakaniza Chingerezi pomwe Chichewa chilipo, ndimamukalipira, wailesi ili chete kundimvera.

Koma m'mawa mwake ndinadzuka onse asanadzuke. Ndinavala thalauza, ndinavala nsapato ngakhale kunalibe kopita. Chitenje ndinachipinda bwinobwino n'kuchiika pakhomo pa Elube. Ndinawiritsa madzi, ndinathira tiyi m'makapu awiri, ina yodzaza mkaka ndi shuga wambiri. Ndinatenga chidole chija, n'kukakhala pansi pakhomo pa chipinda cha Tadala kudikira.

Atatsegula chitseko anaima, nayamba kuyang'ana njira yodutsira kukhoma.

M'Chilomwe chonse cha mayi anga ndinatsala ndi mawu osadzaza dzanja. Limodzi ndi moni wa m'mawa, umene ankandipatsa tsiku lililonse, ngakhale nditasiya kuwayankha. Linatuluka lolimba ngati chitseko cha dzimbiri.

"Moseliwa, Tadala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana thalauza. Kenako anafunsa motsitsa, "Limenelo n'lololedwa, agogo?"

"N'la agogo ako aakulu. Tenga, ulisunge pamodzi ndi enawo." Ndinamupatsa kapu yake. "Yalla, chai akuzizira."